Kuchoka pa Cessna 172 kupita pa 210: yankho kwa achimwene a ku Mchinji

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Mchinji, mlimi wa soya ndi mtedza, amene anakatenga laisensi yoyendetsera ndege ku South Africa. Ali ndi maola 120 mu logbook, buku lolembamo maola owuluka, onse a pa Cessna 172. Tsono mnzawo ali ndi Cessna 210, ndipo akuti asonkherane kuti ndegeyo ikhale ya awiri. Funso lawo linali ili: "Zonsezi ndi ma Cessna, mapiko ali pamwamba chimodzimodzi. Kodi maola awiri kapena atatu ndi mphunzitsi sangakwane? Ndikufuna pa Khirisimasi ndidzatenge banja kupita kunyanja."

Zikomo achimwene chifukwa chofunsa musanakwere. Maola atatuwo akwana kuti munyamuke ndi kutera mphunzitsi ali pambali panu. Koma oti muikemo amayi akunyumba ndi ana, ayi ndithu. Sikuti 210 ndi yovuta m'manja. Ikakhazikika m'mwamba ndi yofatsa kuposa 172, mphepo siikankhakankha. Vuto lake ndi loti imakulandani nthawi yoganiza, ndipo imakulandani pomwe zoti muganize zachuluka.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine. Kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kufika kuno ku Kasungu ndi ma nautical mile pafupifupi 50, makilomita 90 ndi kanthu. Pa 172 ndi ulendo wa theka la ola. Umakhala ndi mpata woona Mponela, kutsata M1 ndi maso, kuwerenga zigafa za fodya, kuoloka Bua uli phee, kenako phiri la Kasungu limaoneka patali ngati kachulu n'kumakula pang'onopang'ono. Tsiku langa loyamba kuyenda njira yomweyo pa 210 ndinakwera mpaka mafiti 8,500, mutu ndazyolika, ndikulimbana ndi mixture (chosinthira kuchuluka kwa mafuta osakanizika ndi mpweya mu injini) ndi ma cowl flaps (timazenera toziziritsira injini). Pomwe ndimadzutsa maso, phiri lija linali pambali pa phiko, tauni yonse pansi panga, ine ndidakali kumwamba komweko. Ndinakankha mphuno pansi, liwiro linakwera. Ndinafuna kutsitsa matayala, amene pa 210 amapindika mukanyamuka, kuti andigwirire, koma liwiro linali litapyola malire ake olembedwa m'buku. Mphunzitsi wanga, mdala wosalankhulalankhula, anangopinda manja mpaka tinadutsa bwalo. Ndiye anafunsa: "Ndege yafika ku Kasungu. Nanga inuyo muli pati?" Ndinayankha moona kuti ndidakali cha ku Madisi.

Masamu ake ndi awa. Bwalo la kuno lili pa mafiti pafupifupi 3,500, ndiye kuti mufunika kufika pamwamba pake muli pa 4,500. Kuchoka pa 8,500 muyenera kutaya mafiti 4,000. Mukamatsika mafiti 500 pa mphindi, kuti makutu a ana asapweteke, ndi mphindi 8. Pa ma knots 160, kutanthauza ma nautical mile 160 pa ola, ndege imadya mtunda woposa ma mile awiri ndi theka mphindi iliyonse, ndiye mphindi 8 zija ndi ma mile 21. Muwonjezepo anayi ochepetsera liwiro, chifukwa ndege yosalala ngati imeneyi sivomera kutsika ndi kuchepetsa liwiro pa nthawi imodzi. Akwana 25, theka la ulendo wonse. Ndiye kuti kutsika kumayambira ku Madisi komwe kuja, Bua musanaoloke, phiri lisanayambe n'komwe kuoneka bwino. Nyengo ya utsi, mu Seputembala ndi Okutobala anthu akamatentha tchire, mwina simuliona mpaka mutayandikira, choncho osadalira maso. Muzilemba papepala mudakali pansi kuti pa mtunda wakuti ndiyamba kutsika.

Tibwere pa injini. Mwazolowera mahosipawa 160 kapena 180 ndi zokokera ziwiri, chakuda cha throttle, chopatsira injini moto, ndi chofiira cha mixture. Pa 210 mupeza pafupifupi 300 ndi chokokera chachitatu pakati, cha buluu, cha pulopela. Muchiganizire ngati magiya a galimoto: chakuda chimanena mphamvu yomwe injini ikukankha, imene mumaiwerenga pa geji ya manifold pressure, pomwe cha buluu chimasankha ma RPM, liwiro lomwe injini izungulira. Powonjezera mphamvu mumayambira kumanja, mixture, pulopela, kenako throttle. Pochepetsa mumayambira kumanzere. Mukasokoneza zili ngati kukwera chitunda pa giya yomaliza mutaponda moto wonse. Palinso ma cowl flaps, timazenera tapansi pa injini: totsegula ponyamuka ndi pokwera kuti injini ipume, totseka mukakhazikika ndi potsika kuti isazizire mwadzidzidzi. Chimodzichimodzi si chovuta. Koma zonsezi zimafuna dzanja lanu pa mphindi zomwezo zomwe wa pa tawala akukuitanani pa wailesi.

Ndipo mwendo wakumanja mukonzekeretu. Mukangokankha throttle yonse, ndege imeneyi imakokera kumanzere mwamphamvu kuposa momwe munazolowerera, ndiye mumaiwongola poponda chopondera chakumanja.

Pali bodza lina lomwe mahosipawa 300 amamunamiza munthu, loti ndege yotere inganyamule chilichonse paliponse. Kuno tili pamwamba, ndipo kumatentha. Pa mafiti 3,500 mpweya wa m'mabuku umayenera kukhala madigiri 8. Masana a mu Okutobala ukhoza kufika 32. Digiri iliyonse yopyola imawonjezera mafiti ngati 120, ndiye ndege imamva ngati ikunyamukira pa bwalo la mafiti 6,400. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mafiti 1,000 aliwonse, choncho gawo limodzi mwa magawo asanu lapita musanamasule mabuleki. N'chifukwa chake mixture simangoikankha yonse ngati muli m'mbali mwa nyanja yamchere. M'ndegemo muli kachikwangwani kosonyeza mafuta oyenera pa msinkhu uliwonse. Mipando ilimo isanu ndi umodzi, inde, koma sizitanthauza anthu asanu ndi mmodzi, matanki odzaza, kuphatikizapo thumba la mpunga wa kilombero ndi chambo cha apongozi pobwerera. Zimenezo muziyeza pa sikelo ndi kuwerengera, osati kungoyang'ana n'kunena kuti zikwana.

Tsopano matayala, nkhani yomwe ndimafuna muimve bwino. Pa 172 matayala ali pomwepo, simunawaganizirepo chiyambire. Pa 210 amapindika n'kulowa m'mimba, ndipo tsiku lina mudzafuna kuwaiwala. Anthu saiwala pa ulendo woyamba, pamenepo mantha amakhala akadalipo. Amaiwala atazolowera, maola atachulukirako, akuyamba kuimva ndege kukoma. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Zimachitika chonchi: mwatsitsa matayala bwinobwino, mukuyandikira kutera pa kabwalo kakumudzi, mwaona mbuzi kapena wa kabaza akudutsa pakati. Mwakankha moto, mwakweza matayala, mwazungulira. Mutu ukukuuzani kuti matayala ndinatsitsa kale, ndipo sukunama, munatsitsadi ulendo woyamba uja. Muli hutala yomwe imalira mukabweza throttle matayala ali m'mwamba, koma munthu wotanganidwa amaimva ngati phokoso chabe, ena mpaka kukwiya nayo.

Mankhwala ake ndi mwambo wosasintha. Ine ndimayang'ana katatu: ndili m'mbali mwa bwalo, pokhota, ndi pomaliza nditalunjika msewu wotererapo. Ulendo uliwonse ndimatchula mokweza, ngakhale ndili ndekha: mafuta, matayala, mixture, pulopela. Ndimaona nyale yobiriwira, kenako ndimasuzumira pa zenera. Ubwino wa ndege ya mapiko apamwamba ndi umenewo, tayala mumaliona ndi maso anu lili lende pansi panu. Mwana wokhala kumanja mumupatse ntchito yoona la mbali yake, ana amaikonda. Muuzenso mphunzitsi wanu kuti mukatsitse matayala ndi pampu ya pamanja muli m'mwamba, osangowerenga m'buku. Mudzadabwa kuti imatopetsa mkono chotani, ndiponso kuti ndege imasochera bwanji mutu uli pansi mukupopa.

Potera, mphuno yake ndi yolemera. Mukapanda kugwiritsa ntchito trim, chopepukitsira chiwongolero m'manja, mudzaikoka ndi manja awiri, ndipo ikakugonjetsani tayala lakutsogolo ndi lomwe limayamba kugunda pansi, zokonza zake n'zolira nazo. Liwiro lofikira ndi ma knots 70 mpaka 75, pomwe pa 172 munazolowera 60 mpaka 65. Ambiri chifukwa cha mantha amawonjezerapo kena "kongotetezera". Dziwani kuti kuwonjezera 10 peresenti pa liwiro kumatalikitsa mtunda woimira ndi 20 peresenti ndi kanthu. Pa Kamuzu simudzazindikira n'komwe. Pa kabwalo ka udzu konyowa mudzazindikira mutaona chimanga cha eni ake chikubwera.

Za mafuta mwachidule: 172 imamwa malita 30 mpaka 35 pa ola, iyi 55 mpaka 60. Ma 210 ambiri akale alibe posankha matanki onse awiri pamodzi, ndi lakumanzere kapena lakumanja basi, ndiye kusintha thanki ndi ntchito yanu, ndi wotchi. Injini ikhoza kuzima thanki linalo lili lodzaza.

Nanga maola angati? Ku America lamulo limati ndege yoposa mahosipawa 200, komanso ya matayala opindika ndi pulopela yosinthika, imafuna siginecha ya mphunzitsi mu logbook, iliyonse payokha. Za ndege za 7Q, zolembetsedwa kuno ku Malawi, mukafunse kwa oyang'anira za ndege m'dziko muno, ndipo mufunsenso a inshuwalansi musanapereke ndalama kwa mnzanuyo, chifukwa nthawi zambiri iwowo ndi amene amafuna maola ochuluka kuposa lamulo. Kwa ine, munthu wa maola 120 asayembekeze zochepera 10 kapena 15 ndi mphunzitsi woidziwadi 210, osati wongoti ali ndi laisensi yophunzitsira. Ndipo maolawo asathere pozungulira bwalo limodzi m'mawa kukuzizira. Mupite maulendo enieni, ndege italemera, masana kukutentha, pa mabwalo aafupi. Mudzadziwa kuti mwafika tsiku lomwe mphunzitsi adzakusokonezeni dala ndi nkhani za mpira mukutsika, inu n'kumuuza kuti tadikirani kaye, n'kupitiriza checklist pomwe munalekezera. Mukapeza Cessna 182 yoti muyambirepo maola angapo, ndi sitepe yabwino: mahosipawa 230, chokokera cha buluu cha pulopela chija, ma cowl flaps, mphuno yolemera, koma matayala osapindika.

Za Khirisimasi, kumbukirani kuti Disembala ndi dzinja. Mitambo ya mabingu imamera masana, ndipo pakati pa inu ndi nyanja pali mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Ndege yothamanga imakufikitsani pa mtambo msanga, ndipo pokhota kuti mubwerere imafuna malo aakulu kuposa 172. Ngati mwatsimikiza kuti banja lipite pa ndege chaka chino, nyamukani m'mamawa, ndipo mpando wakumanja mupatse munthu amene waiyendetsa 210 kwa zaka. Mpando umodzi uchepa, ndiye wina adzere pa msewu wa Salima ndi katundu. Ameneyo musankhe nokha, ine za m'banja mwanu sindilowerera.