Timano Tinayi Kapena Tisanu ndi Kamodzi pa Mphete ya Chitomero

Achimwene, popeza mwanena kuti dayamondi wanu ndi wobulungira ndipo mayi amene mukuwatomerawo amagwira ntchito ya unamwino, sankhani mphete ya timano 6 togwira mwalawo, osati 4, ndipo mwalawo ukhale pansi, usatumphuke kwambiri.

Kamodzi mwa timano 6 kakathyoka, totsalato timaugwirabe mwalawo, pamene pa timano 4 kuthyoka kwa kamodzi kokha n'kokwanira kuti dayamondi agwe osadziwa n'komwe. Kakhalidwe ka timano 6 kameneka kanatchuka ndi kampani ya ku America yopanga zodzikongoletsera ya Tiffany kuyambira mu 1886. Timano 4 timaonetsa mwala bwino, n'zoona, koma mkazi wanga, yemwe mphete yake inali ya timano 4, ankavala ndi kuvula magolovesi tsiku lonse, ndipo patatha zaka zochepa kamano kamodzi kanali katakanuka, kakukola ulusi wa juzi. Mwalawo unkachita kugwedera akaukhudza ndi chikhadabo.

Ngati ndalama zilipo, timanoto tikhale ta pulatinamu (chitsulo choyera cha mtengo wapatali), chifukwa sitiperepeseka msanga ngati ta golide. Musanalipire, pitani nayo kwa mmisiri wodziwa za mphete aiyang'ane ndi galasi lokulitsa, ndipo aziionanso kamodzi pachaka, kapena msanga mukangomva mwala ukugwedera.