Achemwali, musalipire musanafufuze sukuluyo

Achemwali, mwafunsa ngati mungabwerere ku sukulu kuno ku South Africa muli ndi zaka 43. Zaka 43 si vuto ayi, ine ndinayamba ndili ndi 41, ndiye amene akukunenani kuti mwakalamba angosiyani. Nkhani ili pa komwe mukalembetse, ine zinandiwotcha ndipo mtima ukuwawabe mpaka lero.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways ku Joni, kuchapa, kusita, kulera ana a eni ake. Loweruka lililonse ndinkadzuka 4 koloko, taxi mpaka pa renki ya Bree, kenako wapansi kupita ku kakoleji kena ka mtauni, m'mwamba mwa mashopu a mafoni. Anandiperekeza ndi mnyamata wakwathu komwe, ati asisi apa ndi pabwino safuna zambiri, ingobweretsani fotokope ya MSCE basi. Pamenepo ndimayenera kudabwa koma munthu ukachifunitsa chinthu maso amatseka. R1,200 mwezi ndi mwezi kwa miyezi 14, ndalama zoti ndikanatumizira amayi za feteleza, ine ndikuwerenga usiku m'kachipinda kanga ka kuseri buku pa ntchafu, magetsi akazima ndi tochi ya foni.

Tsiku la mayeso ndinachita kupempha off, madam anandidula ya tsikulo. Ndafika ndi mabolopeni awiri atsopano, pasipoti ili mu kajumbo, ndikupeza geti lachitsulo lili ndi loko wamkulu, chikwangwani achotsa kwangotsala mabowo a misomali pakhoma. Tinalipo ambiri, ena a ku Zimbabwe, mtsikana wina wakhala pansi akulira. Mlonda akuti eni sukulu anasamuka Lachitatu usiku pa bakkie (kagalimoto kapikiapu), makompyuta ndi mipando yomwe. Ndinakhala pa masitepe miyendo ikunjenjemera, ndikuimba nambala ya ofesi kuimba kuimba mpaka batire kutha, ndipo chomwe ndimaganiza ndi mwana wanga wa Fomu 3 yemwe ndinamuuza kuti ona mayi ako akulemba mayeso. Ndikamuuza chani? Mnyamata uja madzulo omwewo anandibloka pa WhatsApp, kumva pambuyo akuti amalandira kangachepe pa mutu uliwonse wobweretsa. Wakwathu weniweni, timadyera limodzi nsima pa maliro kuno, iyeyo Mulungu amuona.

Ndiye musanapereke ngakhale R50, lowani pa webusaiti ya DHET, dipatimenti ya boma la kuno yoona za maphunziro apamwamba, muone ngati dzina la kolejiyo lili pa mndandanda wa makoleji olembetsedwa, ndipo muonenso kosi yeniyeniyo chifukwa ena analembetsa kosi imodzi koma akuphunzitsa khumi. MSCE yanu ipite kaye ku SAQA, bungwe la kuno loyeza masatifiketi akunja, akaiyeze, ngati satifiketi inasowa yambani ndi MANEB ku Zomba. Sukulu imene sikufunsa za mapepala anu ithaweni. NSFAS, thandizo la boma la fizi, musaiwerengere, ndi ya eni dziko. Ine pano ndili ku UNISA, yunivesite yophunzira uli kwanu, ndimatenga ma module awiri okha pa semesita, ndimawerengera pakhomo, Loweruka sindidzukanso 4 koloko.

Koma musachedwenso ndi zofufuzafufuzazi, ine ndinataya zaka ziwiri ndikungoopa, mukatsimikiza kuti sukuluyo ndi yolembetsedwa lowani msanga. Ndipo anthu akwathu osangowakhulupirira musanafufuze nokha pa nkhani ya sukulu, olo akhale wa kutchalitchi. Ndipezeni ku inbox ndikuonetseni mmene ndinadzazira za SAQA, koma muzilemba ikapitirira 8 usiku ana ndikawagoneka.