Tifunseni za Thanzi: Kodi matenda a maganizo amayenda m'magazi?

Makalata a mwezi uno achokera m'boma la Zomba, ndipo onse akukamba za ana a zaka zaunyamata. Mayina a olemba tawabisa.

Alangizi, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 16, ali Fomu 3. Chiyambire teremu yathayi wasintha. Sacheza ndi anzake, mpira umene ankaukonda anausiya, usiku sagona koma m'mawa kumudzutsa ndi nkhondo. Ukamulankhula amangokalipa. Achimwene awo a bambo ake anagonekedwapo kuchipatala cha odwala maganizo konkuno ku Zomba, ndiye abale anga akuti ndi za kuchimuna, zili m'magazi, palibe chochita. Kodi mwana wangayu apenga basi? — Mayi wa ku Chinamwali

Mayi, mtima ukhale m'malo. Palibe pamene panalembedwa kuti mwana wanu adwala chifukwa bambo ake aakulu anadwala, ndipo chochita chilipo chambiri.

Abale anu sakunama kotheratu. Chibadwa chilipo. Mwana amatenga theka la malangizo a thupi lake kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo malangizowa amakhala m'kanthu kotchedwa DNA, kamene kali m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi lathu. Mabuku ena amawatcha "majini", koma ife mawuwa timawapewa, chifukwa kuno kwathu ukati majini anthu amamva mizimu, pamene izi ndi za thupi basi, zofanana ndi zimene zimapatsa mwana msinkhu kapena mphuno ya agogo ake. Chofunika kumvetsa ndi ichi: palibe kachidutswa kamodzi ka "misala" kamene kholo limapatsira mwana. Ndi tizidutswa tambirimbiri, kalikonse kongowonjezera chiopsezo pang'ono chabe, ndipo timachokera mbali zonse ziwiri. Choncho nkhani yoloza chala kuchimuna ithe, chifukwa mwana akamaimva amayamba kudziona ngati katundu wowonongeka.

Tiyeni tione manambala a matenda amene anthu amawaopa kwambiri, a schizophrenia, omwe munthu amamva mawu kapena kukhulupirira zinthu zimene kulibe. Mwa anthu wamba, amagwira pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Ngati kholo limodzi likudwala, amagwira pafupifupi mwana mmodzi pa 10, kutanthauza kuti ana 9 pa 10 sadwala. Ngati wodwalayo ndi mchimwene wa bambo, monga kwanu, chiwerengero chimatsika kwambiri, sichifika ngakhale asanu pa 100. Ngakhale mapasa ofanana ndendende, amene chibadwa chawo n'chimodzi, wina akadwala, mnzake amadwala pafupifupi theka la nthawi zokha. Theka linalo likutiuza kuti magazi okha samaliza nkhani. Mbewu ya chimanga ya m'thumba limodzi, ina mukadzala kudimba ina pamchenga, zokolola sizifanana.

Fufuzaninso mwaulemu kuti alamu anuwo ankadwala chiyani kwenikweni. Anthu amafika kuchipatala chija pa zifukwa zosiyanasiyana: khunyu, mowa, chamba, ndi zina. Zonsezi pamudzi timangoti "anapenga", koma kwa dokotala kusiyana kwake n'kwakukulu.

Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda a kukhumudwa, osati misala. Pa matenda amenewa chibadwa chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, zotsalazo ndi zimene munthu akukumana nazo. Mwa achinyamata kukhumudwa sikumaonekera m'misozi nthawi zonse. Kawirikawiri kumaonekera m'kukalipa, kusiya zimene ankakonda, kusintha kwa tulo ndi kadyedwe, ndi kutsika kwa malikisi. Zikapitirira masabata awiri, pafupifupi tsiku lililonse, si ulesi ayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati wachinyamata mmodzi mwa 7 alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo, ndiye mwana wanu sali yekha.

Yambani ndi kucheza naye, koma osamukhazika pampando ngati mlandu. Anyamata amamasuka manja akamagwira ntchito, maso asakuyang'anana: potonola chimanga, kapena poyenda kupita kumsika. Nenani chimene mwaona basi: "Ndaona kuti mpira unasiya, ndipo usiku ndimamva ukutembenuka. Chikukusowetsa mtendere n'chiyani, mwana wanga?" Kenako khalani chete. Akayankha kuti "palibe", musakakamize, mudzafunsenso pakapita masiku awiri. Mawu oti "ukufuna upenge ngati bambo ako aakulu?" asatuluke pakamwa pa aliyense m'nyumbamo.

Chachiwiri, tulo. Mwana wa msinkhu uwu amafunika maola 8 mpaka 10. Thupi la wachinyamata limachedwa kumva tulo mwachibadwa, ndiye foni ikalowanso m'bulangete, amagona 1 koloko n'kudzuka 5 koloko. Gwirizanani kuti foni izigona m'chipinda chanu kuyambira 9 koloko, ndipo nthawi yodzuka ikhale imodzimodzi ngakhale Loweruka.

Chachitatu, ndipo apa tikutsindika, chamba. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo mbali ya kutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa, ndiyo imamalizira. Wachinyamata amene amasuta chamba pafupipafupi amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda omva mawu, makamaka ngati kumtundu kwawo alipo anadwalapo. Magazi simungawasinthe, koma ichi mungachitepo kanthu. Muuzeni zoona zake mosabisa: kuti iye ali ndi chifukwa chapadera chopewera chamba kuposa anzake.

Kenako pitani naye kuchipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, kabuku kake ka chipatala kali m'manja. Lembani papepala tsiku limene zinayamba, maola amene akugona, ndi mmene akudyera. Achipatala ayenera kuyamba aona za m'thupi, monga malungo ndi kuchepa kwa magazi, chifukwa nazonso zimafooketsa mwana. Chithandizo choyamba ndi uphungu. Mankhwala, monga fluoxetine, amaperekedwa matenda akakula, ndipo sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamatenga masabata angapo, ndipo masabata oyambawo mwana amafunika kumuyang'anira kwambiri. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kusiya mankhwala mwana akangoyamba kuseka. Matenda amabwerera.

Koma mukaona akulankhula yekha ngati akuyankha munthu, akunena kuti anthu akumulondola kapena amuthirira mankhwala m'chakudya, kapena watha masiku osagona koma mphamvu zili tayale, musadikire. Pitani naye ku Zomba Central Hospital kapena ku Zomba Mental Hospital sabata yomweyo. Anthu amachokera kutali kudzafuna chithandizo chimenechi, inu muli nacho pakhomo. Matendawa akagwidwa msanga, ambiri amabwerera kusukulu.

Ndine gogo, ndikulera mdzukulu wanga wamkazi, makolo ake ali ku Joni. Nthawi ya namondwe Freddy khoma la nyumba yathu linagwa usiku tili m'kati. Tinapulumuka, koma mpaka lero mvula ikayamba kulira pamalata mwanayu amanjenjemera, amalota zoopsa, nthawi zina amakodza pamphasa ngakhale ndi namwali. Kwathu kulibe anadwalapo mutu. Zachokera kuti? — Gogo wa ku Jali

Agogo, zachokera usiku umene uja wa mu Malichi 2023. Funso lanu likuonetsa mbali ina ya nkhaniyi: mwana akhoza kuvutika maganizo popanda aliyense kumtundu amene anadwalapo. Munthu akaona imfa pafupi, thupi limaphunzira kukhala tcheru. Mtima umathamanga, minofu imakungika, tulo timathawa. Kwa ambiri izi zimazilala pakapita masabata ochepa. Kwa ena thupi limakhala ngati silinamve kuti ngozi inatha, ndipo phokoso la mvula pamalata limalibwezera pomwe paja. Mwanayu sakuchita dala, ndipo sanalodzedwe.

Za kukodza pamphasa, musamukalipire, ndipo anzake asamve. Ingochapani naye limodzi mwakachetechete. Madzi ndi tiyi achepe dzuwa likalowa, ndipo akataye madzi asanagone. Mukapita kuchipatala apimenso mkodzo, chifukwa madera oyandikira nyanja ya Chilwa likodzo n'lofala.

Mvula ikayamba, khalani naye pafupi, nyali ikhale yoyaka. Muphunzitseni kupuma motere: akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, autulutse pakamwa pang'onopang'ono akuwerenga mpaka 6, kwa mphindi zitatu kapena zisanu. Kutulutsa mpweya motalika kumatsitsa kuthamanga kwa mtima. Ayeserere masana kuli dzuwa, kuti mantha akabwera thupi likhale litazolowera kale. Masana omwewo muyendereni naye nyumba, agwire khoma, aone yekha kuti n'lolimba. Akafuna kukamba za usiku uja mumvetsereni. Akapanda kufuna, musamufunsitse.

Musaiwale kuti bala lake ndi lapawiri: khoma linagwa amayi ake kulibe. Pemphani makolo ake kuti aziimba foni tsiku lodziwika sabata iliyonse, ngakhale mphindi zisanu, ndipo asamaphonye. Mwana wamantha amachira ndi zinthu zimene angazidalire. Popeza papita nthawi yaitali chonchi, kaonaneni ndi achipatala kuti amupezere mlangizi wodziwa za ana amene anaona zoopsa. Inu nomwe, agogo, ndinu mankhwala aakulu kale. Kafukufuku wa ana opulumuka m'mavuto amabwerezabwereza chinthu chimodzi, kuti mwana amene ali ndi munthu wamkulu mmodzi wosamutaya amapirira bwino kuposa amene alibe.

Ine ndinakula ndi chikwapu ndipo ndine munthu lero. Mwana wanga wa zaka 15 wayamba mwano ndi kufika mochedwa. Ndikamukwapula amangouma mutu. Akazi anga akuti ndikumuwononga maganizo. Zoona? — Bambo wa ku Matawale

Bambo, mwadziyankha nokha pamene mwati amangouma mutu. Chikwapu chimaletsa chinthu lero, koma chimaphunzitsa mwana kubisa, osati kusintha. Ana omenyedwa kawirikawiri amakhala ndi nkhawa, ukali ndi kukhumudwa kwambiri kuposa anzawo, ndipo mawu onyoza, monga "chitsiru" kapena "sudzaphula kanthu", amalasa mofanana ndi ndodo. Ana samva chikwapu mofanana. Wina amachilandira n'kuiwala, wina wobadwa ndi mtima wosachedwa kugwidwa nkhawa amanyamula balalo moyo wonse, ndipo simungadziwiretu kuti wanu ndi uti.

Sitikunena kuti mumulekerere. Kulekerera nako kumawononga. Ana amene amakula bwino ndi a makolo amene ali ndi zonse ziwiri, chikondi choonekera ndi malamulo osagwedezeka. Sankhani malamulo atatu okha, osati makumi awiri. Mwachitsanzo nthawi yofikira pakhomo, sukulu, ndi mowa. Khalani pansi inu, amayi ake ndi iyeyo, mugwirizane chilango chake zinthu zisanalakwike: akachedwa ndi ola limodzi, Loweruka sachoka pakhomo. Akalakwa, perekani chilango chomwecho, osawonjezera chifukwa mwapsa mtima, osachotsera chifukwa mwatopa. Masabata awiri oyamba adzakuyesani kwambiri kuti aone ngati mukunenetsa, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amabwerera kuchikwapu. Pirirani. Mukamva mtima ukuwira, tulukani panja kaye, nkhani mukambe mawa.

Kutsutsa makolo pa zaka 15 ndi mbali ya kukula. Koma funsani kuti amachedwa kuti, ndi yani. Ngati inu simukumvana naye pakali pano, amalume ake angathe kutsegula khomo limene inu lakukanikani. Ndipo tsiku limene wafika nthawi yake, muuzeni kuti mwaona.

Mng'ono wanga wa zaka 17 sanakhoze mayeso a MSCE. Dzana anandiuza kuti "bola kungofa". Amayi akuti akungofuna kutiopseza. Nditani? — Mtsikana wa ku Chikanda

Achemwali, mwachita bwino kulemba, koma musadikire magazini ina. Mawu amenewo atengeni ngati enieni. Chikhulupiriro choti wonena sachita n'chabodza. Ambiri amene amadzipha amakhala atanenapo.

Lero lomwe mufunseni mosazungulira: "Kodi ukuganiza zodzipha? Waganiza kale njira yake?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumamupepuza. Musamutsutse, musamulalikire, musalonjeze kusunga chinsinsi. Akati inde, asakhale yekha usana ndi usiku. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, mapiritsi onse ndi zingwe, mukasungitse kwa munthu wina. Izi zimapulumutsa moyo chifukwa maganizo odzipha amabwera mwamphamvu kwa kanthawi kenako n'kutsika, ndipo ngati chida palibe pafupi, nthawiyo imadutsa munthu ali moyo.

Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana ndi achinyamata imene amayendetsa a bungwe la YONECO konkuno ku Zomba, ndipo mupite naye kuchipatala mawa m'mawa, amayi akhale nawo kuti akamve okha kwa achipatala. Ngati wamwa kale chinthu, musamusanzitse kapena kumupatsa mkaka; thamangirani naye kuchipatala, botolo kapena paketi ya chimene wamwacho muitenge. Za mayeso muzikamba pambuyo, akayamba kugona ndi kudya, ndipo mukadzafika pamenepo mukumbutseni kuti MSCE amalola kulembanso.