Filimu yachikondi yoseketsa ya Mchewa ndi Mtumbuka: nthabwala zichokere pati?

Mayi wina wachitsikana watilembera imelo kuchokera ku Lilongwe. Akuti: "Ndikulemba filimu yachikondi koma yoseketsa. Mtsikana ndi Mchewa wa ku Dowa, mnyamata ndi Mtumbuka wa ku Rumphi, ndipo akufuna kukwatirana. Ndalemba masamba 30. Anzanga ena akuti ndikunyoza Atumbuka, ena akuti siikuseketsa n'komwe. Ndalama zojambulira nazonso n'zochepa. Ndikonze chiyani?"

Achemwali, madandaulo awiri a anzanuwo gwero lake ndi limodzi. Nthawi zambiri wolemba akasowa mkangano weniweni pakati pa mabanja awiriwo, amathamangira kuseka kalankhulidwe ka mtundu wina, zakudya zawo ndi mavalidwe awo. Zoterozo zimaseketsa kamphindi, kenako a mtunduwo amakwiya ndipo enawo amayamba kuyasamula. Ndiye musanawonjezere tsamba lina, yankhani funso ili: ukwatiwu ukachitika, banja lililonse litaya chiyani?

Nkhani yanu yankho ili nalo kale. Kwa Achewa mwambo ndi chikamwini: mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi atsibweni awo a mtsikana. Kwa Atumbuka a ku Rumphi amalowola, mkazi amapita kwawo kwa mwamuna, ana ndi a kuchimuna. Atsibweni a ku Dowa akamva za malowolo aganiza kuti mbumba yawo ikugulitsidwa. Bambo a ku Rumphi akamva kuti mwana wawo akamange nyumba kuchikazi, ayesa kuti wasochera. Onse awiri akulondola malinga ndi kwawo, onse akuteteza ana amene sanabadwe n'komwe. Kuseka kwabwino kumachokera pamenepo: akuluakulu awiri aulemu wawo, aliyense akuyesetsa kuchita mwambo molongosoka, ndipo ulemu wa uyu ukusanduka chipongwe kwa uyo. Ganizirani thenga wa ku Rumphi atafika kudzafunsa kuti ng'ombe zikhala zingati, iye n'kumaona kuti akulemekeza banjalo kwambiri, pamene ankhoswe a ku Dowa angoti kukamwa yasa, kudabwa kuti munthuyu wabwera kudzatsatsa malonda anji. Palibe wopusa pamenepo, koma holo yonse iseka.

Mafilimu amene anayenda bwino pa nkhani zotere anachita chimodzimodzi. Fanie Fourie's Lobola, ya ku South Africa ya mu 2013, inamangidwa pa zokambirana za malowolo pakati pa mnyamata wachizungu wa mtundu wa Afrikaner ndi bambo a mtsikana wa Chizulu. The Wedding Party ya ku Nigeria, imene Kemi Adetiba anaitsogolera mu 2016, ndi ya mkwati wa Chiigbo ndi mkwatibwi wa Chiyoruba, koma moto weniweni uli pakati pa amayi awo awiri, amene akulimbirana ngakhale zakudya zoti alendo adye paphwando. Onani kuti nkhondoyo ndi ya azimayi awiri odzimva, wina wonyada ndi chuma, wina waphokoso. Mtundu wangowapatsa zida zomenyanirana. Mukachotsa dzina la mtundu pa munthu wanu n'kupeza kuti palibe chatsala, munthuyo simunamulembe. Apatseni bambo a ku Rumphi khalidwe lawolawo: mwina ndi mphunzitsi wopuma amene amakonza galamala ya aliyense, ngakhale m'kati mwa pemphero.

Muyeso wina ndi wosavuta. Tengani masamba 30 aja, mulembe chizindikiro pa nthabwala iliyonse, kenaka muwerenge kuti zingati zikugwera kuchimuna, zingati kuchikazi. Mukapeza kuti Atumbuka akusekedwa ka 20 pamene a ku Dowa kawiri kokha, anzanuwo sananame. Ndipo poti mukulemba m'Chichewa, mbali imene mukuidziwa bwino ndiyo muziiseka kwambiri. Nia Vardalos polemba My Big Fat Greek Wedding ya mu 2002 anaseka kwambiri abale ake Achigiriki, osati a kuchimuna. Filimuyo inajambulidwa ndi madola pafupifupi 5 miliyoni ndipo inabweretsa oposa 360 miliyoni.

Tsopano kamangidwe. Tsamba limodzi la script, kutanthauza nkhani yolembedwa ya filimu, limapereka pafupifupi mphindi imodzi ya filimu, ndipo mafilimu a mtundu uwu amakhala a mphindi 90 mpaka 100. Konzekerani masamba 95. Awiriwo akhale atakumana pofika tsamba 10, ndipo pofika tsamba 25 akhale atauza makolo. Ambiri amalakwitsa apa: amathera theka la filimu pa kufunsirana, kuyenda kunyanja ndi kudyetsana ayisikirimu, makolo n'kudzatulukira kumapeto. Oonera akudziwa kale kuti awiriwo akondana, adzera apongozi. Kuyambira tsamba 25 mpaka 50 ikani maulendo awiri, mnyamata ku Dowa, mtsikana ku Rumphi. Kukumana kwa ankhoswe kukhale chapakatikati, ndipo kuthe moipa. Chibwenzi chithe chapatsamba 70, masamba 10 otsiriza akhale a chinkhoswe kapena ukwati.

Kutha kwa chibwenziko n'kumene kumagwetsa olemba ambiri. Musabweretse chibwenzi chakale chongotulukira, kapena meseji ya pafoni yomvedwa molakwa. Chithe chifukwa cha mmodzi wa iwo eni. Mwachitsanzo mnyamata wauza bambo ake kuti mtsikana wavomera kukakhala ku Rumphi, kwinaku wauzanso atsibweni kuti iye adzamanga ku Dowa, poopa kukhumudwitsa aliyense. Bodza lotere limakupatsani nthabwala masamba 40, chifukwa ayenera kumathamanga kuletsa mbali ziwirizo kulankhulana, ndipo likaululika limapweteka zenizeni. The Big Sick ya mu 2017, imene analemba Kumail Nanjiani ndi mkazi wake Emily V. Gordon, ili ndi mnyamata wa ku Pakistan amene akubisira makolo ake chibwenzi chake Chachimereka. Ilinso ndi njira yoyenera kuiphunzira: mtsikana akudwala mwakayakaya, ndipo mnyamatayo akutsala ndi makolo a mtsikana okha. Inunso pezani chifukwa chosiyira mnyamata ndi apongozi ake aakazi awiriwiri, mwina minibasi yawathera mafuta pa Jenda, anthu amene mwamwambo sayenera kuyang'anizana kapena kudyera pamodzi, chimanga chootcha chili chimodzi.

Yankho la mkangano lisakhale lakuti mwambo wina wapambana. Miyambo yathu ili ndi zitseko zake kale. Kwa Achewa kuli chitengwa, pamene mwamuna amapempha kutenga mkazi kupita naye kwawo. Koma wina ataye kanthu ndithu, oonera aone kuti zamuwawa.

Pa chilankhulo musanyengerere. Otenga mbali za a ku Rumphi akhale olankhula Chitumbuka chenicheni, ndipo mawu awo awalembe kapena kuwakonza Mtumbuka. Mchewa woyeserera Chitumbuka amadziwika pa chiganizo choyamba, ndipo chipongwe chija chabwereranso pakhomo lakuseri. Ma subtitle, mawu omasulira amene amaoneka m'munsi mwa galasi, asapitirire mizere iwiri, zilembo pafupifupi 40 pa mzere. Mawu oseketsawo asaoneke pagalasi wosewera asanawanene. Dulani chiganizocho pawiri, apo ayi anthu aseka msanga n'kuphimba mawu enieniwo.

Za ndalama: chimene chimadya kwambiri ndi kusamuka ndi kudyetsa anthu. Malo ojambulira asapitirire 6, ndipo mujambule zonse za malo amodzi musanachokepo. Gulu laling'ono limatha masamba 4 kapena 5 patsiku, choncho masamba 95 ndi masiku 20 kapena kuposerapo. Nyumba ya "ku Rumphi" ikhoza kukhala kufupi ndi Lilongwe komweko. Tumizani munthu mmodzi ndi kamera akatenge mapiri ndi msewu wa kumpoto basi.

Chinkhoswe chipatseni masiku awiri kapena atatu. Musakajambule pa chinkhoswe chenicheni poganiza kuti mwapeza khamu laulere: DJ sazimitsa nyimbo chifukwa cha inu, ndipo mawu a osewera sadzamveka. Anthu 40 amaoneka ngati 200 mukamawasamutsa kuti azidzaza kumene kamera yaloza, ena n'kusinthana zitenje ndi mipango. Pojambula zolankhula, nyimbo iyimbe masekondi angapo kuti anthu agwire kavinidwe, izimitsidwe, iwo azivina chamumtima osewera akulankhula. Nyimboyo mudzaiika pakompyuta. Jenereta ikhale kutali, kuseri kwa khoma, ndi chingwe chachitali. Maikolofoni ya pachifuwa imalira ikakhudzana ndi chitenje chatsopano cholimba, ndiye chichapeni kaye. Pa perekaniperekani musachite fotokope ndalama, ndi mlandu. Sinthani ma K50 ndi ma K100 enieni, munthu mmodzi aziwatolera ndi kuwawerenga mukatha chigawo chilichonse. Tambala ndi thadzi zosinthana ankhoswe mukhale nazo ziwiriziwiri zofanana maanga, chifukwa nkhuku imathawa kapena kufooka ndi dzuwa tsiku lachiwiri lisanafike. Mwambo wobweretsa atsikana ofunditsidwa chitenje kuti a kuchimuna azindikire wawo ndi mphatso kwa inu: bambo a ku Rumphi aja, amene salakwa kanthu, aloze wolakwika molimba mtima.

Nyimbo za oimba odziwika zili ndi eni ake. Kambiranani nawo, kapena funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, musanaziike, chifukwa YouTube imatha kutseka filimu yonse kaamba ka nyimbo imodzi. Musanaionetse pagulu, ipititseninso ku bungwe la Censorship Board.

Koma zonsezi zisanachitike, itanani anthu 10, asanu a kuchigawo chapakati ndi asanu a kumpoto, kuphatikizapo akuluakulu amene anakhalapo ankhoswe. Osewera awerenge script yonse mokweza, inu mukhale kumbuyo ndi cholembera. Pamene mbali imodzi yokha yaseka, ina itangoti duu, chongani tsambalo mukalembenso.