Zopanda makutu sizingatsinane khutu

Aphunzitsi ena a ku Mtunthama anditumizira imelo. Akulemba nthano ya zolengedwa zakuthambo, chilankhulo chake apekapo kale mawu ambiri, ndiye akufunsa ngati angatenge "mutu umodzi susenza denga" n'kuika chombo pamalo pa denga.

Iyayi aphunzitsi, musatero. Mwambi umenewu uli ndi eniake, anthu amene amamangira denga la nkhokwe pansi kenako n'kuitana anzawo kuti alikweze. Mukangosintha liwu limodzi, owerenga adzaona Mchewa atavala chigoba, basi. Kuno kwa alimi a fodya timati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, chifukwa mphuno tili nayo, zala tili nazo, mphepo ya Juni timaidziwa. Nanga zolengedwa zanuzo mphuno zili nayo?

Zining'a ndiye zoopsa zedi chifukwa zimalowa mwakachetechete. Kupsa mtima, kuuma mutu, kutsina khutu. Mudzazilemba osazindikira, cholengedwa chopanda mtima n'kupezeka chapsa mtima pa tsamba lachitatu.

Katswiri wa zilankhulo Marc Okrand anapeka chilankhulo cha Klingon, mtundu wa zolengedwa zakuthambo wa m'masewero a pa kanema otchedwa Star Trek, n'kutulutsa dikishonale yake mu 1985, koma buku la miyambi linadzatuluka mu 1996, mtundu wa anthuwo utadziwika kale khalidwe lake. Dongosolo ndi limenelo: anthu kaye, miyambi pambuyo. Komabe ine miyambi ya Klingon imanditopetsa, nkhondo ndi ulemu zachulukitsa. Kodi kumeneko kulibe ophika, kulibe apongozi, kulibe angongole? Mtundu wopanda mwambi wonena za ulesi kapena umbombo sindiukhulupirira. Anachita bwino ndi amene analemba gawo la Star Trek lotchedwa Darmok mu 1991. Mmenemo muli mtundu umene umalankhula pongotchula nthano zakwawo, makina omasulira amatulutsa liwu lililonse molondola koma tanthauzo osamveka. N'chimodzimodzi kuuza mlendo kuti "pusi anagwa chagada". Mawu wamva, koma za "ichi chakoma ichi chakoma" sakuzidziwa, ndiye angoti kukamwa yasa.

Chochita tsono

Lembani tsamba limodzi lokha lonena za zolengedwa zanuzo: zili ndi ziwalo zingati, zimamva ndi chiyani, zimadya chiyani, chimazipha n'chiyani, kumwamba kwawo kuli chiyani. Tinene kuti kuli madzuwa awiri ndipo zimamva ndi mapazi. Chinthu chilichonse chili ndi zithunzithunzi ziwiri, kotero "wa chithunzithunzi chimodzi" akhoza kukhala wabodza, ndipo kuchenjeza mnzako mobisa kukhale "kumupondera kawiri". Apo mwapeza zining'a ziwiri osabwereka kwa Achewa.

Pekani miyambi 30, musunge 8. Uliwonse usapitirire mawu asanu ndi awiri, ndipo muuwerenge mokweza m'chilankhulo chopekacho kuti mumve ngati ukugunda ngati "walira mvula walira matope". Mu iwiri kapena itatu ikanimo liwu lachikale losapezeka pena paliponse m'nthanoyo, poti miyambi imasunga mawu amene anthu analeka. Mutu uliwonse wa nthano ulandire mwambi umodzi, ikachuluka zolengedwa zonse zimamveka ngati nkhoswe pa mlandu. Wonena mwambiwo asaumasulire, mnzake akwiye kapena aseke, owerenga atolapo okha. Ukamabwera kachiwiri, aunene theka lokha, monga timangoti "safunsa…" wina n'kumva.