Katswiri wa apolisi wati chipolopolo chinachokera mumfuti imeneyo: yankho kwa mayi amene mwana wawo akuyembekezera mlandu ku Maryland

Mayi,

M'kalata yanu mwafotokoza kuti mwana wanu wamwamuna, amene amakhala ku Maryland m'dziko la America, ali m'ndende podikira mlandu woti anawombera munthu ndi kumuvulaza. Mwati apolisi anapeza mfuti m'galimoto imene iye anakwera pamodzi ndi anzake, ndipo katswiri wawo walemba lipoti loti chipolopolo chimene madokotala anachotsa m'thupi la wovulalayo chinachokera mumfuti imeneyo. Mukufunsa ngati mawu a katswiriyu atseka kale mlandu, komanso ngati anthu wamba amene adzaweruze angathe kutsutsana naye.

Mlandu sunathe, mayi. Komabe sindikubisirani kuti anthu wamba akamva katswiri wa mfuti akulankhula motsimikiza amamukhulupirira kwambiri, nthawi zina kuposa mmene umboni wakewo ukuyenerera, ndipo n'chifukwa chake ntchito yaikulu yoteteza mwana wanu iyenera kugwiridwa tsiku la mlandu lisanafike.

Kwathu mwazolowera kuona majisitireti kapena jaji akumva mlandu ndi kugamula yekha. Ku Maryland mlandu waukulu ngati uwu umapita ku Circuit Court, kumene anthu wamba 12 otchedwa jury, osankhidwa kuchokera m'kaundula wa ovota ndi wa ziphaso za galimoto, ndiwo amanena ngati munthu ndi wolakwa. Jaji amayang'anira malamulo ndipo amagamula umboni umene jury ingamve ndi umene siyenera kumva. Onse 12 ayenera kugwirizana kuti munthu apezeke wolakwa, ndipo udindo wotsimikizira mlandu mosasiya chikaiko chomveka uli pa boma. Mwana wanu sakakamizidwa kupereka umboni kapena kutsimikizira kuti ndi wosalakwa. Ali ndi ufulu wokana jury ndi kusankha kuweruzidwa ndi jaji yekha, koma chisankho chimenecho ndi chake iye mwini, ndipo asachipange asanakambirane mofatsa ndi loya wake.

Kuti mumvetse pamene umboniwu umafookera, muyenera kudziwa mmene katswiri amagwirira ntchito. Mkati mwa mpope wa mfuti muli tinjira tokhotakhota timene timazunguliza chipolopolo kuti chiuluke mowongoka, ndipo chipolopolo chikamatuluka chimakandika, monga mmene nkhwangwa yobenthuka imasiyira mzere wake pachitsa chilichonse chimene yadula. Katswiri amatenga mfuti yogwidwayo, amawombera nayo m'thanki ya madzi kuti zipolopolo zisaphwanyike, kenaka amaika chipolopolo chimodzi choyeserera ndi chija cha mumlandu pamakina okuza zinthu amene amaonetsa ziwirizo pambali ndi pambali. Amazitembenuza pang'onopang'ono kufunafuna pamene mizere ya kumanzere ikupitirira ndi ya kumanja. Zina mwa zizindikirozo, monga kukula kwa chipolopolo, chiwerengero cha tinjira ndi mbali imene takhotera, zimafanana pa mfuti zikwizikwi za mtundu umodzi, ndipo zimangothandiza kunena kuti mfuti yakutiyakuti siingakhale imeneyo. Mkangano uli pa timizere ting'onoting'ono timene akatswiri amati ndi ta mfuti imodzi yokha. Bungwe lawo, AFTE, limati katswiri anene kuti zagwirizana akaona kufanana kokwanira, koma silinena kuti timizere tingati ndito tokwanira, ndipo limavomereza lokha kuti chigamulocho chimadalira maso ndi luso la woyezayo. Palinso vuto loti mfuti zopangidwa motsatizana ndi chipangizo chimodzi kufakitale zikhoza kukhala ndi zizindikiro zofanana, komanso loti chipolopolo chimene chagunda fupa chimapindika ndi kutaya mbali ya zizindikiro zake.

Asayansi akuluakulu a ku America anaziona kale zimenezi. Mu 2009 bungwe la National Academy of Sciences linati njirayi ilibe ndondomeko yolongosoka bwino ndipo kafukufuku wosonyeza kudalirika kwake ngosakwanira. Mu 2016 alangizi a pulezidenti pa za sayansi, PCAST, anapeza kafukufuku mmodzi yekha wokonzedwa moyenera, wochitidwa ndi Ames Laboratory pa makoko a zipolopolo, ndipo anawerengera kuti akatswiri ankanena molakwika kuti zagwirizana pafupifupi kamodzi pa maulendo 66 alionse amene anapereka yankho lotsimikiza poyeza makoko ochokera mumfuti zosiyana. Akatswiri a mfuti ndi maloya a boma amatsutsa mawerengedwe amenewa ndipo amatchula kafukufuku wina amene wachitika pambuyo pake. Ine sindikunena kuti ntchito yawo ndi yachabechabe. Ndikunena kuti ndi maganizo a munthu wophunzira amene angathe kulakwa, ndipo jury iyenera kuwamva motero.

Apa ndi pamene pali nkhawa yanga. Munthu wa mu jury akhoza kukhala mphunzitsi, dalaivala wa basi kapena namwino, ndipo sanayang'anepo m'makina amenewa. Patsogolo pake pamaima munthu wovala bwino amene amayamba ndi kutchula zaka zimene wagwira ntchito, maphunziro ake ndi kuchuluka kwa makhoti amene anamuvomereza kale, kenaka amaonetsa chithunzi chachikulu chogawidwa pakati, mizere ya mbali ziwiri ikuoneka ngati yalumikizana. Chithunzicho chimaonetsa pamene pagwirizana, koma kawirikawiri sichionetsa mbali zina za chipolopolo pamene mizere yasemphana. Ambiri mwa anthuwa aoneranso mafilimu a upandu mmene makina sanama, ndipo amalowa m'khoti ali ndi chikhulupiriro chimenecho. Mu 2020 akatswiri atatu, Brandon Garrett, Nicholas Scurich ndi William Crozier, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ndi anthu oyerekezera kukhala jury. Anapeza kuti katswiri akangonena kuti chipolopolo ndi mfuti zagwirizana, anthu ochuluka ankagamula kuti woimbidwa mlandu ndi wolakwa, ndipo kufewetsa mawu pang'ono, monga kunena kuti n'zotheka kwambiri m'malo moti n'zotsimikizika, sikunasinthe zambiri. Mawu amene anachepetsa ndithu zigamulo zoti ndi wolakwa anali oti katswiri sangathe kuichotsa mfutiyo pa gulu la mfuti zimene zikanatha kuwombera chipolopolocho. Anapezanso kuti kumupanikiza katswiri ndi mafunso sikunathandize kwenikweni anthuwo kuchepetsa chikhulupiriro chawo. Tanthauzo lake kwa mwana wanu ndi loti loya amene akungodalira luso lake lofunsa mafunso pa tsiku la mlandu wachedwa.

Nkhani ya Anthony Ray Hinton wa ku Alabama imasonyeza kuopsa kwake. Anamangidwa mu 1985 pa mlandu wopha mamanijala awiri a malo odyera, ndipo umboni womulumikiza ku imfazo unali mawu a akatswiri a boma oti zipolopolo zinachokera mumfuti imene inapezeka kunyumba kwa mayi ake. Loya wake ankaganiza molakwika kuti lamulo silimulola kupempha ndalama zoposa madola 1,000 zolipirira katswiri, motero anabwera ndi munthu amene iye mwini ankadziwa kuti ngoperewera. Pofunsidwa mafunso, munthuyo anavomera kuti amaona ndi diso limodzi lokha ndipo anavutika kugwiritsa ntchito makina oyezera. Jury inakhulupirira a boma, Hinton anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo anakhala m'ndende pafupifupi zaka 30. Mu 2014 khoti lalikulu kwambiri la America linagamula kuti loyayo sanamuimire moyenera, ndipo mu April 2015 Hinton anamasulidwa akatswiri a boma lomwelo atayezanso ndi kulephera kulumikiza zipolopolozo ndi mfutiyo.

Mwana wanu ali ndi mwayi umene Hinton analibe, chifukwa cha kumene mlandu wake uli. Mu June 2023 khoti lalikulu la Maryland, pa mlandu wa Abruquah v. State, linagamula ndi majaji anayi motsutsana ndi atatu kuti katswiri angathe kuuza jury kuti zizindikiro za pachipolopolo zikufanana kapena sizikufanana ndi za zipolopolo zowomberedwa ndi mfuti yogwidwa, koma sangathe kunena mopanda malire kuti chinachokera mumfuti imeneyo. Khotilo linati lagamula potengera umboni wa sayansi umene unaperekedwa pa mlandu umenewo, choncho loya wa boma akhoza kubwera ndi kafukufuku watsopano ndi kupempha jaji kuti alole mawu amphamvu. Pachifukwa ichi loya wa mwana wanu alembe pempho mlandu usanayambe, kuti jaji amve mbali zonse popanda jury ndi kukhazikitsa malire a mawu amene katswiri adzalankhule, motsatira muyezo wa Daubert woonera ngati umboni wa katswiri ndi wodalirika, umene Maryland inayamba kutsatira mu 2020. Malire omwewo agwirenso ntchito pa mawu otsiriza a loya wa boma, chifukwa n'zosavuta kuti katswiri anene kuti zikufanana kenaka loya n'kuuza jury kuti sayansi yatsimikiza. Katswiri akadumpha malire ali m'bokosi la mboni, loya adandaule pomwepo kuti zilembedwe, popeza khoti la apilo kawirikawiri silimva dandaulo limene silinaperekedwe pa nthawi yake.

Pali maufulu ena amene ndikupemphani kuti muwadziwe pamene mukulankhula ndi loyayo. Boma liyenera kupereka lipoti la katswiri mlandu usanayambe, ndipo loya apemphenso zolemba zimene katswiri ankalemba poyeza, zithunzi zonse, zotsatira za mayeso ake a luso, ndi dzina la mnzake amene anatsimikizira, pamodzi ndi yankho la funso loti kodi mnzakeyo ankadziwa kale zimene woyamba anapeza. Afunsenso zimene apolisi anamuuza katswiriyo asanayambe kuyeza, chifukwa munthu amene wauzidwa kuti wogwidwa wavomera kale amayang'ana mizere ndi maso ena. Kuyambira pa mlandu wa Brady v. Maryland wa 1963, boma siliyenera kubisa umboni wothandiza woimbidwa mlandu, choncho ngati chipolopolo china sichinagwirizane kapena katswiri analephera kunenapo kanthu, zimenezo ziyenera kuululidwa. Pa mlandu wa Melendez-Diaz v. Massachusetts wa 2009 khoti lalikulu la America linatinso boma silingangopereka pepala la kulabotale popanda woyezayo kubwera kudzafunsidwa mafunso. Ndipo chachikulu pa zonsezi, mwana wanu apeze katswiri wakewake wodziwadi ntchito kuti ayezenso chipolopolocho. Ngati akuimiridwa ndi ofesi ya Public Defender, imene imapereka maloya kwa amene sangathe kulipira, loya wake apemphe ndalama zimenezi kuofesiko. Ngati banja likusonkha ndalama zolipira loya wapadera, mufunse msanga ngati mtengo wa katswiri uli m'kati mwa zimene mwagwirizana, chifukwa nthawi zambiri umakhala wapadera.

Musaiwalenso kuti ngakhale katswiri atakhala kuti walondola, umboni wake umanena za mfuti, sunena za dzanja limene linaigwira. M'galimoto munali anthu angapo, ndipo boma liyenera kusonyeza ndi umboni wina, kaya mboni zoona ndi maso, makamera, zidindo za zala kapena DNA, kuti mwana wanu ndiye anawombera kapena anathandiza wowomberayo akudziwa chimene chikuchitika. Loya akhoza kupereka kwa jaji mafunso oti afunsidwe posankha jury, monga loti kodi alipo amene angakhulupirire wapolisi kuposa mboni ina chabe chifukwa ndi wapolisi, ndipo jaji adzawakumbutsa anthuwo kuti ali ndi ufulu wolandira mbali ya mawu a katswiri kapena kuwakana onse.

Boma likhoza kubwera ndi pempho loti mwana wanu avomere mlandu wocheperako kuti chilango chichepe, ndipo lipoti la katswiri lidzagwiritsidwa ntchito pomuopseza kuti avomere msanga. Asayankhe katswiri wake asanaone chipolopolocho, komanso asanauzidwe bwino zotsatira zake pa chilolezo chake chokhalira m'dzikomo ngati si nzika ya America, chifukwa mlandu wa mfuti ukhoza kumubwezetsa kwawo akamaliza chilango, ndipo loya ali ndi udindo womuuza zimenezi. Ngati akadali nzika ya Malawi, ali ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa Malawi ku Washington idziwitsidwe za kumangidwa kwake. Pomaliza, mayi, mafoni a m'ndende amajambulidwa ndipo loya wa boma amawamvetsera, ngakhale mukulankhula Chichewa, popeza omasulira amapezeka. Akakuimbirani mufunseni za thanzi lake ndi kumuuza za kumudzi, koma za mfuti, za galimoto ndi za anzake aja azikambirane ndi loya wake yekha.