Kodi lamba ndi chingwe chokwerera pamwamba tiziziunika kangati?

Bambo wina wa ku Luwinga, amene ntchito yake ndi kukwera nsanja za netiweki, wandilembera kufunsa ngati n'kokwanira kuti lamba wodzimangirira ndi chingwe ziziunikidwa kamodzi pachaka, monga amachitira kuntchito kwawo.

Bambo, kamodzi pachaka ndi malire otsiriza chabe. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 365 umafuna kuti munthu wodziwa ntchitoyi aziunika zipangizozi pasanadutse miyezi 12 ndi kulemba zimene wapeza, pamene bungwe la HSE, loona za chitetezo cha anthu pantchito ku Britain, limalangiza miyezi 6, kapena miyezi 3 ngati zikugwira ntchito yakalavulagaga. Poti inu mumakwera pafupipafupi, ine ndikadasankha miyezi 3. Komabe kuunika kumene ndimakudalira kwambiri ndi kwa inu eni ake, nthawi iliyonse phazi lisanachoke pansi.

Maso okha sakwanira. Dutsitsani chingwe chonse m'manja pang'onopang'ono uku mukuchipinda, ndipo pamene chafewa modabwitsa, chaphwatalala kapena chauma gwa, dziwani kuti mkati mwawonongeka ngakhale kunja kukuoneka bwino. Pa lamba, tembenuzani mbali zonse ndi kuyang'ana misoko, makamaka pamene mumakolekapo chingwe, chifukwa ulusi umayambira pamenepo kuthothoka. Chokowera chachitsulo chizidzitsekera chokha mukachisiya. Ngati chikuuma, chili ndi mng'alu, kapena chingwe chachidya kupitirira milimita 1, chichotseni.

Kuno ku Mzuzu chinyontho n'chosasowa, ndipo lamba wonyowa ndi mvumbi akatsekeredwa m'chikwama amachita nkhungu, zitsulo zake n'kuyamba dzimbiri. Muyanikeni pamthunzi podutsa mphepo, pakuti dzuwa nalonso limafooketsa nayiloni. Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi asidi wa batire. Ndaonapo chingwe chitaponyedwa kumbuyo kwa galimoto moyandikana ndi mabatire, chonsecho asidi amadya ulusi mwakachetechete, nthawi zina osasiya banga looneka. Chingwe chotero sichifunanso kuunika, n'chotaya basi, chimodzimodzinso lamba amene wagwirapo munthu atagwa mwamphamvu.

Opanga ngati Petzl amati zipangizo za nsalu zisapitirire zaka 10 kuchokera tsiku limene zinapangidwa, ngakhale zitangokhala m'kabati, choncho werengani kachizindikiro kosokeredwa pa lamba wanu. Ngati kafufutika, kapena lambayo ndi wapakaunjika wosadziwika mbiri yake, musakwere naye. Chimene mwachichotsa chiduleni ndi mpeni musanachitaye, kuopa kuti mnzanu angachitole n'kukakwera nacho mawa.